Zitsekerero za m'Thumba la Bambo a Tiyamike

Ndikamapita kumsika wa Zingwangwa masiku ano ndimazungulira njira yakumtunda, yaitali ndi yamiyala ija. Yachidule imadutsa pabala ina yake, ndipo pamenepo pali anthu amene akandiona amagwira pakamwa. Ndikuuzani chifukwa chake, bola musakaulule kwa amayi anzanga a kutchalitchi.

Mwana wanga Tiyamike anali sitandade 2 chaka chimenecho. Chichewa ankakhoza, kuimba ndiye osanena, koma iye ndi masamu anali ngati munthu ndi apongozi ake: akakumana panjira, wina alowere kutchire. Teremu yoyamba analephera, yachiwiri chimodzimodzi, ndipo aphunzitsi analemba pa lipoti kuti akalepheranso yachitatu abwereza kalasi.

Ine njira yanga yomuthandizira inali imodzi basi, kukuwa. "Seveni kuphatikiza eyiti, zingati?" Mwana ankayamba ndi zala za m'manja, zikatha n'kuyang'ana za kumapazi, kenako misozi chuchuchu. (Ndisabise, nanenso masamu anandigwetsa kwathu ku Nsanje, koma zimenezo sindinamuuze.)

Tsono amuna anga, bambo a Tiyamike, ndi kalipentala. Anali atasiya mowa chaka chapitacho, atalumbira pamaso pa akhristu a mphakati wathu. Ine ndinawomba nawo m'manja, koma diso limodzi ndinalisiya lotsegula. Tsiku lina ndikuchapa ovolosi yawo ndinamva kulira m'thumba. Kupisa dzanja, ndinatulutsa zitsekerero za mabotolo zodzaza manja awiri, zonse za mowa. Ndinazinunkhiza. Mtima unandiuza kuti munthu wayambiranso. Kufunsa sindinafunse ayi. Ndinakaziponya m'chimbudzi n'kumadikira kuti chikumbumtima chiwalume.

Sichinawalume. Anadya, anapemphera, anagona ngati khanda.

Patatha sabata ndinapeza zina m'chitini kuseri kwa kabati. Izi zinali zoboola pakati ndi msomali, atazitunga pa waya. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kukumbukira zimene ana a sukulu amanyamula m'mawa uliwonse. Ine ndinati, "Ohoo, ayamba kusunga chiwerengero cha mabotolo ngati kolona!" Nazonso zinatsatira zinzake kuchimbudzi.

Masamu a Tiyamike anangoipiraipira. Ndinayamba kukayikira aphunzitsi ake, kuti mwina akumulepheretsa dala kuti tizimutumiza kumaphunziro awo olipiritsa a patitaimu. Ndinapita kusukulu nditavala nkhope ya milandu. Ndinapeza mphunzitsiyo ali mtsikana wooneka bwino, ana atadzaza m'kalasi mpaka ena atakhala pakhomo.

"Mayi, Tiyamike si mbuli," anatero madamuwo. "Mwana wa msinkhu uwu nambala amafunika aigwire ndi manja, aisunthe, aione ikuchuluka. Zala zimathera pa teni. Anzake ali ndi zowerengera, iye amangolota mayankho, ndipo ine sindingathe kukhala pambali pa aliyense. Bambo ake ndinawafotokozera kale kawiri konse."

Mwa zonsezi ine ndinatolapo mawu omaliza okha. Kawiri konse? Anakumana kuti? Bwanji kunyumba sananene? Ndinayang'ana tsitsi la madamu, ndinayang'ana nsapato, n'kutsanzika mwaulemu wa mano okhaokha. Pofika kunyumba ndinali ndi milandu iwiri, wa mowa ndi wa chibwenzi. Amenewo okha ndiwo masamu amene ndinaphatikiza mosavuta.

Loweruka masana amuna anga anati, "Amayi a Tiyamike, ndikungofika apa pompa." Anapinda kajumbo n'kuika m'thumba. Ndinamanga chitenje m'chiuno zolimba n'kuwatsatira chapatali, ndikubisala kuseri kwa mabenchi a tomato ndi maminibasi oimika (kondakitala wina anandifunsa ngati ndikuthawa apolisi). Anadutsa shedi yawo ya matabwa osayang'anako. Anakhotera pabala paja n'kuzungulira kuseri, kumene amaunjika makireti.

Ndinalowa ngati kamvuluvulu. Mawu onse amene ndinasunga milungu itatu anatuluka limodzi. Ndinatchula lumbiro la kumphakati, ndinatchula malemu amayi awo, ndinatchulanso nsapato za madamu. Anthu anatuluka m'bala mabotolo ali m'manja, ogulitsa chipisi anasiya chiwaya.

Bambo a Tiyamike anali chogwada pafumbi, jumbo ili m'manja, akutola zitsekerero chimodzichimodzi.

Mayi wina wogulitsa m'balamo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Amayi, awa ndi amuna anu? Awatu ngakhale madzi sagula pano. Amangopempha kutola zitsekererozi kuti ndi za masamu a mwana. Ife timawatcha a Hedimasitala."

Kuseka kumene kunaphulika pamenepo ndimakumvabe. Amuna anga anadzuka, anasasa maondo. "Aka n'kachitatu," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu ndikamukonzera amataya. Kukuuzani ndimaopa, mukanamukalipira. Komanso mukanamva kuti ndimafika kuno, mukanagona?"

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Mukuganiza kuti ndinaulula pomwepo? Ayi ndithu. Tinayenda njira yonse, iwo patsogolo ndi jumbo, ine pambuyo ndikukonza bodza. Titafika anaitana Tiyamike, n'kukhala naye pakhonde ndi msomali ndi hamala.

"Iwe, ukatayanso izi, ubwereza kalasi. Zinzake zija unaziika kuti?"

Mwana anangoyang'ana pansi. Anamufunsanso mokweza mawu, misozi inayamba kulengeza m'maso mwa mwana. Apa mpamene manyazi anandigwira kuposa a kubala aja.

"Musiyeni," ndinatero. "Ndinataya ndine. M'chimbudzi. Kawiri konse."

Hamala inaima m'malere. Koma amene anayankha ndi Tiyamike.

"Ndinakuonani, amayi."

"Unandiona? Nanga bwanji sunanene?"

"Ndimayesa mwatopa nane. Ndimayesa mwaona kuti ngakhale ndikhale nazo sindingakhoze."

Ndinalira, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Milungu yonse ija ine ndinkasaka mdani wa mwana wanga kusukulu ndi kubala, pomwe mwanayo ankamuona tsiku ndi tsiku akumuphikira phala.

Madzulo omwewo ndinaboola nawo zitsekerero (ndinadzimenya chala kawiri, palibe anandipepesa). Tinayamba kukhala naye tsiku lililonse akaweruka, pang'onopang'ono, akusuntha seveni uku, eyiti uku, n'kuwerenga zonse pamodzi. Ndikamva mawu akukwera kukhosi, ndinkaluma mlomo. Tsiku limene ananena "fifitini" osayang'ana zala, anadabwa yekha n'kuwerenganso kachiwiri.

Mayeso a teremu yachitatu anakhoza. Sanakhale nambala wani, koma anapita sitandade 3, ndipo kwa madamu ndinatumiza moni kudzera mwa bambo ake, poti ine nkhope yokafikira kumeneko ndinalibe.

Ndinaphunzirapo kufunsa ndisanaweruze, ngakhale sindilonjeza kuti ndi masiku onse. Mwanayo nayenso anaphunzirapo chake. Amandikonda, amandionetsa kope lake, timawerengera limodzi. Koma ndikakhala pakhomo, waya wakeyo samusiya pansi. Ngakhale popita kubafa amapita naye.