Dzuwa Nalonso Ndi Mkamwini?

Lolemba
Ndili pageti ku Al Dafna, kuno kudziko la eni kutsidya kwa nyanja, alendo kulibe, ndikuwerenga pafoni. Akuti mwina dzuwa ndi dziko lathuli sizinabadwire mumlalang'amba uno, zinachokera m'kamlalang'amba kena kakang'ono kamene kanamezedwa ndi waukuluwu. Ndiye kuti dzuwa ndi lobwera! Amalume a mkazi wanga akundikaniza kumanga nyumba kuchikamwini ku Mchinji, ati wobwera sapatsidwa malo. Chaka chachinayi chino ndikuimirira pageti chifukwa cha nyumbayo. Loweruka ndiwayankha ndi sayansi.

Lachiwiri
Zofunika: chithunzi cha nyenyezi, mawu aulemu, kulimba mtima. Nditangoweruka ndakwera padenga pathu ku Old Airport. Fumbi lokhalokha. Nyenyezi ndaiona imodzi, koma ikuyenda. Yatera.

Lachitatu
Ndikuyeserera pa a Zulu a ku Chipata, amene timagona chipinda chimodzi. Amvetsera bwinobwino, kenako akufunsa ngati dzuwalo linabwera pa kontirakiti, nanga pasipoti yake akusunga ndani. Munthu uyu sathandiza.

Lachinayi
M'nyumba yomwe ndimalonderayi mumakhala mayi wina wophunzitsa sayansi. Powatsegulira chitseko ndawafunsa. Akuti kamlalang'ambako kalipodi, kakumezedwadi, koma akatswiri ambiri amati dzuwa linabadwira mommuno. Ndinafunsiranji ine?

Lachisanu
Ofu. Za mayi aja sindiuza munthu. Ndajambula mawu oyeserera, ndatumizira mkazi wanga, mayi a Tadala, kuti andimvere okha. Yankho lawo: "Kodi mukudya bwino kumeneko?" Kenako akuti awamvetsa kale amalume. Mawu aulemu aja ndinali ndisanaikemo!

Loweruka
Amalume atumiza mawu awo. "Akamwini, tamva. Ngati dzuwa ndi lobwera, tengerani chitsanzo. Limalawirira, limagwira ntchito tsiku lonse, madzulo limachoka. Silinapemphepo malo." Kumbuyo anthu akuseka, ndipo kuseka kumodzi ndikukudziwa bwino. Zandiwawa, kunena zoona. A Zulu amvetsera katatu.

Lamulungu
Kuno ndi tsiku la ntchito. Mayi a Tadala akuti ndisadandaule, amalume akondwa kuti mkamwini wawo ndi wophunzira. Za malo, ati tidzakambirana ndikadzabwera, monga ananenera chaka chatha. Khalasi, monga amanenera eni dziko kuno: basi, zatha. Ndaimanso pageti, dzuwa likundiwotcha pamphumi mopanda chisoni. Lolemba ndimati ndapeza mnzanga woti tizidandaulirana, koma nalonso ndi mwini mudzi.