Dzanja Limodzi la Nyemba

Uthenga unandipeza ndili kudimba, khasu lili m'mwamba. Ndikanadziwa kuti chimwemwe changa chitsala pang'ono kumugwetsa mwana, bwenzi nditakhala pansi. Koma ine kukhala pansi? Akuti Yohane, mdzukulu wanga, kamwamuna kanga, amusankha kuti ayesedwe za uphunzitsi! Khasu uko, ine uku, nthungululu mpaka mapiri a ku Lobi anandiyankha.

Mayeso ake anali a nyemba. Yohane anawerenga nyemba chikwi ndi imodzi, naziika m'nsengwa.

"Agogo, nambala iyi ndi yodabwitsa. Milu isanu ndi iwiri, sipatsala kanthu. Milu khumi ndi umodzi, khumi ndi itatu, chimodzimodzi. Koma kuigawa pawiri imakana."

(Ndinati ndiye malemu apongozi anga amenewo: zovuta kulola, zapafupi kukana.)

M'mawa wa tsikulo ndinasuzumira m'nsengwa muja. Nyemba zili pansi penipeni ngati za wamasiye. Kwathu kuno munthu saonekera kwa alendo ndi nsengwa yanjala, angati agogo ake sanakolole. Ndinatapa dzanja limodzi pa nyemba zanga, waa m'nsengwamo. (Ndikanathira lachiwiri, koma nkhuku inalowa m'nyumba. Idalitsike nkhuku ija.)

Pabwalo la sukulu mudzi wonse phwamwamwa, aphunzitsi aakulu ochokera ku mishoni ali pampando. Yohane anagawa, anagawa, milu isanu ndi iwiri. Zinatsala zinayi.

Ine nthungululu. Chakudya chikatsala si dalitso kodi?

Ndinaimba ndekha. Mwana thukuta kamukamu, chonsecho kunja kuli chisanu.

"Mnyamata, kuwerenga kukukukanika," anatero aphunzitsi aja, akutola chipewa. "Ana a eni uwaphunzitsa chiyani?"

Pamenepo ndinazindikira chimene ndachita. Ndinayenda chogwada mpaka pamapazi pawo.

"Bambo, musapite. Ndine ndathiramo. Zinali zochepa, ndinachita manyazi."

"Zingati, mayi?"

"Dzanja ili."

Anthu anaseka mpaka ana kumbuyo anadzuka. Aphunzitsi anabweza chipewa pabondo. "Chabwino. Tiuze dzanja la agogo ako limanyamula zingati, osawerenga zonse."

Yohane anagawa milu khumi ndi umodzi, zinatsala zisanu. Khumi ndi itatu, zisanu ndi zitatu. Anayang'ana pansi, milomo ikuyenda.

"Makumi asanu ndi limodzi."

Anachotsa zimenezo, nagawanso. Pansi mbee, osatsala ndi imodzi yomwe!

Anamutenga, anthuni, anamutenga kamwamuna kanga. Amati ndaphunzira kusakhudza za eni. Ndaphunziradi. Koma kamba wa ulendo wake wa ku mishoni anayeza yekha, ine ndinathiramo manja awiri.

Ndipo anabwera kudzavina: aNabanda ndi ndodo yawo, aNankhoma, aNangozo ndi mapasa awo, aJere a kutsidya, Malita, Sofiya, aPhiri osula makasu amene mpaka lero akandiona amabisa nsengwa, ndi aNambewe, eni nkhuku ija.