Manje manje wa achimwene

Lolemba

Ndafika ku Lusaka! Mapazi atupa ngati maungu. Njinga kuchoka ku Kapondo mpaka pa boma, kenako pa bodala, kenako basi tsiku lonse.

Chimene ndabwerera: kudzatenga achimwene a Yotamu. Anathawa kwathu ine ndili kamwana, pa nkhani ya makhadi a chipani ija. Tsopano zipani zachuluka, wofunsa khadi kulibenso, ndiye abwerere kwawo. Amayi maso anafa, chifuwanso sichikuwasiya. Mawu awo ponditsanzika: "Ukabwere naye ndidzamugwire kumaso. Usachedwe, ine sindikhalitsa."

M'chikwama muli mfutso wa nkhwani, nsinjiro, ndi kalata yawo yakalekale yolembedwa "Mtendere". Adiresi yonse ndi imeneyo.

Ndigona kwa mayi wina wachifundo amene tinakhala mpando umodzi m'basi. Lachinayi tikhala tili kumudzi. Nkhani yaing'ono iyi.

Lachiwiri

Anthu a mumzinda uno sapatsana moni! Ndalonjera anthu khumi ndi awiri. Wayankha mmodzi, nayenso amafuna kundigulitsa mankhwala a makoswe.

Zimene ndaona: nyumba zosanjikizana mpaka khosi kuwawa. Msewu wodutsa pamwamba pa sitima. Nyali zolamula galimoto kuti ziime, ndipo zimaimadi. Ine ndawoloka msewu ndi pemphero, nsapato kumanja.

Mtendere si mudzi ayi, ndi dziko lathunthu, ndipo mtenderewo sindinauone. Ndikati, "Pepani bambo, kodi mungawadziwe a Yotamu ochokera ku Malawi?" anthu akungoseka. Kondakitala wina akuti, "Ba sisita, mukamba monga Baibo!" Eti ndimalankhula ngati Baibulo. Chinenero chathu chomwechi anachidula mchira, ndiye aziseka ine amene ndili nacho chonse? Zamanyazi.

Lachitatu

Ndawapeza! Kuno si a Yotamu, ndi "ba Jo". Ali ndi kabokosi kagalasi pakhonde la sitolo, amakonza mawotchi. Imvi mbuu. Mphuno ndi ya malemu bambo yeniyeni.

Ndagwada pafumbi pomwepo, ndalira. Iwo: "Ima, ima, bantu batamba!" Akuti anthu akuonerera. Aonerere! Zaka makumi awiri si dzulo.

Ndawauza za amayi. Iwo maso ali m'mimba mwa wotchi. Kenako: "Tizayenda manje manje."

Kunyumba kwawo ndafunsa alamu, akazi awo, kuti manje manje n'chiyani. Akuti ndi "tsopano lino". Ambuye alemekezeke! Chikwama sindimasula.

Lachinayi

Ndasamba m'mamawa, ndakhala pakhomo chikwama chili pamiyendo. Mpaka dzuwa kupendeka.

Zifukwa za lero: wotchi ya kasitomala wina sinathe. Nsapato zili kwa wosoka. Basi za Lachinayi akuti zimathamanga kwambiri.

Ana awo atatu akunditchula "anti", dzina la agogo awo salidziwa. Ndamasula chikwama, ndaphika mfutso uja wotendera. Ana akuti ndi fodya, athawa mbale. Achimwene adya wonse, kenako atuluka panja eti kukatsokomola. Abwera maso ali psuu.

Lachisanu

Manje manje.

Ndawatsatira kuntchito, ndakhala pambali pa kabokosi kaja ngati mlonda. Muli mawotchi khumi ndi anayi, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Kaya manje manje ali pa iti.

Madzulo ndapsa mtima, ndanena zosayenera kunena kwa wamkulu: "Achimwene, mumakonza mawotchi a anthu ena. Nanga yanu inaima liti?" Alamu agwetsa supuni. 

Ndili ndi mantha. Telefoni kumudzi kulibe. Mwina amayi anatisiya dzulo, ine ndili kuno kumwa tiyi ndi buledi. Mzinda uno ndautopa nawo: phokoso, utsi, madzi otunga pamzere, ndi tambala wa aneba amene amalira nthawi iliyonse imene wafuna. Nayenso wotchi yake ndi ya kuno.

Loweruka

Achimwene avala jekete! Anyamula chikwama! Tafika mpaka pa siteshoni, basi ya ku Chipata ikulira kale. Phazi limodzi ali nalo pa sitepe. Kenako akuti ayambe apita kuseri.

Ndadikira. Kondakitala wandizazira. Ndatsika.

Ndawapeza kumbuyo kwa mpanda, atakhala pa tayala lakutha. Koyamba sabata yonseyi alankhula Chichewa chathu, chopanda "ba" aliyense: "Mlongo wanga, bambo anamenyedwa chifukwa cha ine. Pamaliro awo sindinabwere. Amayi akakandigwira kumaso, ndikawauza chiyani?"

Ine wa Baibulo uja, vesi ndilibe. Ndangoti, "Safuna mawu anu, akufuna nkhope." Agwedeza mutu kukana. Basi yapita. Tabwerera wapansi, chikwama chawo ndanyamula ndine.

Lamulungu

Ndili m'basi ndekha. Pampando umene akanakhala achimwene pali thumba la nsomba za kapenta la munthu wina, ndipo likundikankha.

Andipatsa wotchi yoti ndikawapatse amayi. Wotchi, kwa munthu wosaona! Akuti aziiika kukhutu. Ndayesa. Ikugunda bwinobwino, ntchito yokha amaidziwa.

Mtima ukundiwawa, kukwiya kwandithera. Ndikungopempha chimodzi: ndikawapeze akupuma.

Akamva mapazi a munthu mmodzi pakhomo, ndipo akafunsa. Ndakonza kale yankho: "Akubwera manje manje." Amayi chinenero cha kuno sachidziwa. Akati n'chiyani chimenecho, ndikati ndi tsopano lino. Alamu anandiuza choncho.