Apongozi Asanduka Mabokosi

Inu, tamverani za Akatswiri, wometa tsitsi wa pamsewu wathu uja. Dzinali anthu anam'patsa chifukwa palibe chimene sadziwa: ukamufunsa za mvula akuuza, ukamufunsa za ndege akujambulira ndi chipeso m'mwamba. Ndiye bamboyu atangokwatira anagula TV yaikulu ngati chitseko, n'kulengeza kuti nyumba yake yasiyana nazo zimbale.

"Chimbale n'cha anthu akale," ankatero. "Ife zonse timaonera pa intaneti."

Wojambula ukwati wawo anali atawapatsa filimuyo pawiri: pa chimbale komanso pa intaneti. Chimbalecho Akatswiri anachisandutsa choikapo tiyipoti.

Lamlungu lina masana kunabwera apongozi ake onse awiri kudzaona filimu ya ukwati, limodzi ndi mlamu wake, mphunzitsi wa sayansi. Akatswiri anapukuta TV ndi thaulo la kuntchito, n'kukhazika apongozi aamuna pampando wapakati. Madalawo anali munthu wosaseka wamba, ndipo mkamwini wawo ankafuna tsikulo amve mawu amodzi okha omuyamikira.

Anadina. Pa TV panabwera kamkombero, kakuzungulira, kakuzungulira.

"Ukwati wake ndi umenewu?" anafunsa madala.

"Ikutenthetsa injini, bambo."

Kenaka filimu inayamba. Abale inu! Pamene anthu anaima chilili zinkaonekako, koma atangoyamba kuvina, nkhope zonse zinasweka n'kukhala timabokosi. Amuna a masuti akuda anagwirana n'kukhala chimtambo chimodzi cha miyendo makumi awiri. Ndiye kunatulukira apongozi aakazi ndi diresi lawo la maluwa, limene telala analimbana nalo mwezi wathunthu.

"Matope akuyendawo ndi ndani?" anafunsa apongozi aakaziwo.

"Ndinu, mayi," anatero mkazi wa Akatswiri, akuluma mlomo.

"Ine? Mphuno yanga ili kuti?"

Pomwepo chithunzi chinaima, mayi ali kukamwa yasa, diso limodzi kumwamba, lina kulibe.

Akatswiri anati vuto ndi mphepo. Ananyamula kabokosi ka intaneti, nako pawindo. Zii. Anakwera pampando. Zii. Anakwera patebulo, dzanja m'mwamba, mwendo umodzi m'malere, ndipo mphuno ya mayi inabwerera! Onse anakuwa kuti, "Musagwedezeke!" Munthu anaima choncho thukuta lili kamukamu, mpaka tebulo linatopa naye. Khu! Iye pansi, makapu pansi, mphuno ya mayi yapitanso.

Mphunzitsi uja anatsokomola. "Alamu, nkhani ndi yaing'ono. Filimu ya pa intaneti amaifinya kuti idutse pakanjira kopapatiza. Zili ngati kulongedza zovala za banja lonse m'kachikwama kamodzi: zina mumasiya, zotsalazo zimatuluka zokwinyika. Pa chimbale malo ndi ambiri, safinya kwambiri."

"Nanenso ndimati ndinene zomwezo," anatero Akatswiri ali pansi.

Anachotsa chimbale kunsi kwa tiyipoti, n'kuchipukuta ndi malaya. Makina oonetsera anakabwereka kwa aneba, amene anabwera nawo okha, ndi mkazi wawo yemwe, n'kukhala.

Eee, koma kuwala kwake! Duwa lililonse pa diresi la mayi linkawerengeka. Mayi anaimirira n'kuyamba kuvina limodzi ndi iwo eni a pa TV. Ngakhale madala anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Izi ndiye zinthu." Akatswiri mtima unachita kuti myaa, ngati chimbalecho anachipanga ndi iye.

Kenaka inafika nthawi ya malankhulidwe. Tsono pa ukwatiwo panachitika kachinthu: keke isanadulidwe, inapezeka itabooledwa chibowo chachikulu kumbuyo, ndipo madala anakalipira operekera zakudya mpaka mmodzi analira. Tsopano pa TV mkwati akuthokoza anthu, koma kumbuyo kwake, patali pang'ono, pankaoneka munthu wa suti yotuwa akuyandikira keke cham'mbali ngati nkhanu. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anatulutsa mpango, n'kubudula chibenthu, n'kuponya m'thumba. Atatero ananyambita zala, chimodzichimodzi, zonse zisanu. Ndevu zake zinkaoneka tsitsi lililonse, ndi kirimu yemwe.

Aneba anayang'ana kudenga.

"Mwana wanga," anatero mayi kwa mphunzitsi, mawu ali ozizira bwino, "tabweza pang'ono. Eya. Imitsa pomwepo."

"Amafanana nane chabe," anatero madala.

"Mpango umenewo ndinauchapa ndine. Munati munakhalira sopo."

Kuseka kunaphulika! Mkazi wa Akatswiri anagwera pamapewa a amayi ake, aneba akumenya khoma, mphunzitsi misozi ili mbwembwembwe. Akatswiri yekha anayesetsa kusunga ulemu, koma kuseka kunam'tulukira m'mphuno.

Pochoka, madala anam'kokera pakhonde, n'kumugwira paphewa koyamba chikwatirire.

"Mwana wanga, iwe ndi munthu wanzeru. Chimbale chimenechi chikwirire. Chilipo chimodzi chokhachi, eti?"

Akatswiri asanayankhe, mkazi wake anasuzumira pawindo.

"Makumi anayi, bambo. Ndinakachulukitsa, n'kugawira achibale onse dzulo. Choyamba ndinapatsa abusa."