Kalata imene agogo sanapereke

Mpaka lero abale anga akandiona ku Limbe amayang'ana kumbali, ndipo sindiwadandaula. Ndinaziyamba dala.

Agogo anga aamuna, amene anachokera ku Mozambiki, ankanyamula makalata wapansi pakati pa Limbe ndi midzi ya ku Chiradzulu, kale galimoto zisanachuluke. Yunifolomu yofiira, thumba kumsana, nsapato ayi. Kwathu tinkanyadira chinthu chimodzi: akuti moyo wawo wonse sanasowetsepo kalata ya mwini. Ndiye pokonzekera mwambo wovundukula chiliza chawo (patapita zaka zochititsa manyazi, musatiseke), abale anasankha ine kuti ndikanene zimenezi pamaso pa anthu.

Tikusesa nyumba ya azakhali ku Chigumula, ndinapeza envulopu pansi penipeni pa thiranki la malemu agogowo. Yofiirira, yomata bwinobwino, yokulungidwa m'kansalu. Pamwamba panalembedwa dzina la a Nampinga, a ku Limbe.

Azakhali anangokhala pansi. "Ndiye chifukwa chake," ananong'ona.

"Chifukwa cha chiyani?"

"Masana kumamveka munthu akuthamanga m'mapesimo. Ukatuluka, palibe. Abambo sanamalize ulendo."

Ndinaseka, ine munthu wa muofesi, mkulu wa mpingo. Koma dzuwa lili paliwombo, kopanda ndi kamphepo komwe, ndinamva ndekha: tswa, tswa, tswa, mapazi opanda nsapato, kuzungulira nyumba n'kudzaima pakhomo. Nkhuku zonse zinangoti zii. Abale, ndinaopa.

Azakhali anati kalatayo tingoikwirira kumanda, eni ake akaonane okhaokha. Ine ndinakana. "Ndikaipereka ndekha," ndinatero, "mbiri ya agogo ikhale yoyera." (Zoona zake n'zoti ndinkafuna nkhani yokoma yokanena pachiliza, anthu akandiombere m'manja.)

Ndinafunsa m'mipingo masabata atatu. A Nampinga anamwalira kalekale, koma mdzukulu wawo, mayi Esnati, anali moyo ku Mbayani. Ndinavala suti, n'kutenga asuweni anga awiri kuti akajambule pa foni.

Tinawapeza pakhonde, mayi okalamba zedi, osaona. Tisananene ndi odi yemwe, anatembenuza mutu.

"Lowani nonse anayi."

Tinali atatu. Palibe amene anayang'ana kumbuyo.

Ndinafotokoza zonse ndi mawu anga a paguwa, aneba n'kumadzadza pabwalo. Ndinagwada, n'kupereka kalata ndi manja awiri. Mayiwo anaisisita, anainunkhiza, kenako anapatsa mwana wawo wamkazi kuti awerenge mokweza. Inali yochokera kwa mphunzitsi wina wa kumudzi.

"Kwa a Nampinga. Mwana wanu Agnesi ali ndi pakati. Mwini mimbayo ndi yemwe akupatsireni kalatayi. Mugwireni, asathawe."

Mayo ine! Agogo sankadziwa kuwerenga, koma sanali opusa.

Asuweni anga anatsitsa mafoni pang'onopang'ono.

"Agnesi ndi mayi anga," anatero mayi Esnati. "Anamwalira akudikira yankho. Tasenderani kuno, bambo."

Ndinasendera. Zala zawo zozizira zinayenda pamphumi panga, pamphuno, n'kudzaima pamakutu.

"Makutu athu omwe," anatero. Kenako anakweza mawu: "Kalata yati wobweretsa agwidwe. Tatsekani geti!"

Anatsekadi. Ndinakhala pamenepo mpaka chakumadzulo, suti ili chinyowere ndi thukuta, ndikuyankhira mlandu wa munthu amene anafa ine ndili sitandade thuu. Anandimasula nditatchula tsiku la chiliza ndiponso njira ya kumanda.

Tsikulo anabwera pa minibasi yodzadza. Mayi Esnati anakhala kutsogolo, pampando wa mwana woyamba, umene tinakonzera azakhali. Azakhali anakhala pamkeka, maso ali pa ine. Nthawi yanga itakwana ndinaima ndi mapepala anga atatu, ndinayang'ana mzere woyamba wonena za munthu amene sanasowetsepo kalata. Ndinapinda mapepalawo.

"Agogo athu," ndinatero, "anali munthu wodziwa kuthamanga."

"Eetu!" anayankha mayi Esnati, manda onse kumva.

Ndimati ndikayeretse mbiri ya agogo, koma ndinangowapereka ndekha, nditavala suti.