Kompyuta ya Malemu Faidoni

Usiku wa Lachiwiri Elufe analota maloto owawa, ndipo kutacha anawafotokozera anzake ogulitsa nawo kaunjika mumsika wa Kawale. Mwamuna wake Faidoni, yemwe anali dalaivala wa minibasi, atamwalira, abale a mwamunayo anasesa m'nyumba monse, n'kumati mkazi ameneyu sakumudziwa poti panalibe chinkhoswe. Anangomusiyira kompyuta yakale yolira ngati chigayo, ndi memole ya m'kamera momwe munali zithunzi za banja lawo. Elufe anagula kachipangizo kolowetsamo memoleyo, koma akakasomeka kukompyuta, inkangokhala chete.

M'malotomo anakasomekanso, ndiye kompyuta inatsokomola n'kuyankhula ndi mawu a mlamu wake, a Gelesomu.

"Kameneka sindikukadziwa. Kabwera ndi ndani?"

Elufe anagwada n'kunena kuti kabwera ndi iye, mayi wa m'nyumba muno. Kompyuta inati iyenso siyikumudziwa, ndipo ngati akufuna kuti amvane, akabwere ndi dalaivala. Ndiye anamanga kachipangizoko pansonga ya chitenje, ulendo wa kudepoti. Madalaivala onse anali atagona pansi pa maminibasi, ndipo aliyense amene ankamudzutsa ankafunsa kuti kompyutayo ndi ya chaka chanji. Akatchula, ankaseka, n'kumati msewu wopita kumeneko unatsekedwa kalekale. Kachipangizo kaja kanayamba kulira pachitenjepo ngati khanda la njala, anthu n'kumamuyang'ana Elufe ngati mayi wouma mtima.

Mwadzidzidzi depoti ija inasanduka ofesi. Bwana wovala kolala yoyera anamuuza kuti afotokoze vuto lake, koma Elufe ali pakati pofotokoza, mphuno ya bwanayo inatalika, jekete n'kumera nthenga, anali khwangwala. Anajompha kachipangizoko kawiri, anati vuto ndi fumbi basi, abwerenso mawa. Mlembi wake anali bilimankhwe, akuponda mabatani a kompyuta mwendo umodziumodzi, diso lina lili pa Elufe, lina pa a Gelesomu. Iwotu anali atakhala pakati pa ofesiyo pasofa imene analanda kwa Elufe, akumwa tiyi m'kapu ya malemu.

Ndiye Faidoni analowa, atavala suti yomwe anamuika nayo m'manda, makiyi a minibasi ali m'manja. Elufe anaimirira, koma mwamunayo sanamupatse ndi moni womwe. Anangomasula kachipangizoko pachitenje, kukapukuta pathalauza, n'kukasomeka kubowo la kumbuyo kwa kompyuta.

"Achimwene, bwanji simunanene kuti ndi kanu?" inatero kompyuta mwaulemu, kanyali kobiriwira n'kuyaka.

Zithunzi zinayamba kuoneka pakhoma lonse. Faidoni ali ndi amayi ake. Faidoni ndi a Gelesomu akudya nkhuku pa Khirisimasi. Faidoni atanyamula mwana wa mlongo wake, onse mano ali pamtunda. Elufe anayenda m'mbali mwa khomalo akudzifunafuna. Pena panaoneka mkono wake utagwira beseni la madzi osamba m'manja, pena nsonga ya chitenje chake ikutuluka pakhomo kupita kukhitchini. Nkhope yake panalibe. Zinazo anakumbukira kuti wojambula anali iye mwini, akuwauza kuti asunthirane pafupi kuti onse akwanemo.

"Bambo a m'nyumba, tawauzani anthuwa kuti ine ndine ndani," anatero motsitsa mawu.

Faidoni anasuzumira pazenera, anati minibasi yadzaza, n'kutuluka. Khwangwala anafunsa ngati alipo amene akuwadziwa mayiwa. A Gelesomu ankangotakasa shuga m'tiyi. Supuni inkagunda kapu, kugunda, kugunda, mpaka Elufe anadzidzimuka pamphasa pake. Kunja kunali kutayera, ndipo kuseri kwa khoma mayi woyandikana naye anali kupala poto ndi supuni.