Mphenzi pa Ukwati wa Tadala

Lolemba
Kampani yatsegulidwa! Bwana wamkulu: ine. Injiniya: a Gondwe, owotcherera zitsulo pa Jenda. Fakitale: pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu yawo. Tikupanga galimoto yamagetsi, dzina lake Mphenzi.
Zomwe zilipo: matayala anayi a njinga yamoto, mabatire anayi a sola, mipando iwiri ya kusukulu (ahedi sakudziwa). Mota ikuchokera ku Lilongwe pa basi.
Loweruka mwana wanga Tadala akupita kutchalitchi kukakwatiwa atakwera Mphenzi. Ndinalonjeza pamaso pa akuchimuna onse a ku Edingeni, ndiye palibe kubwerera m'mbuyo. Zaka zonsezi sayansi ndakhala ndikuilemba pa bolodi. Tsopano anthu aione ikuyenda!

Lachiwiri
Magetsi azima kuyambira m'mawa. A Gondwe akhala pa tayala, akudya chinangwa. Ati, "Mbwenu machero, asambizgi." M'Chitumbuka chawocho akuti mawa, aphunzitsi. Mawa ndi mawa basi. Sindikudandaula ngakhale pang'ono. Ndapenta dzina pa chitseko, zilembo zofiira. Chitsekocho ndachitsamiritsa kumtengo poti galimoto yake kulibe.

Lachitatu
Magetsi abwera! Tawotcherera ngati amisala. Koma mota ayi: kondakitala waiwala kuitsitsa, yapitirira mpaka ku Mzimba boma. Ndaithamangira pa minibasi, ndaipeza pansi pa matumba a usipa. Ikununkha koma ndi yanga. Ndaifungatira njira yonse ngati khanda.
Mayi a Tadala akuti bwanji tipemphe ng'ombe za a Nyirenda oyandikana nafe, zongodikirira. Ng'ombe! Ndaseka mpaka misozi.

Lachinayi
YAYENDA! Kuchokera pa mango mpaka pa chigayo! Chafutambuyo. A Gondwe asinthanitsa mawaya, yayendanso, ulendo uno chakutsogolo, mwakachetechete moti nkhuku sinamve. Nkhuku ya eni. Tapepesa.
Zotsala: mabuleki, hutala, denga. Denga lidikire galimoto yachiwiri.
Ndaikanso soketi pafupi ndi chiwongolero, yotchajira foni. Zamakono zimatero. Koma ine ndiye ndine woopsa!

Lachisanu
Mphenzi yafika kunyumba ku Champhira, mabatire odzaza. Alendo a ku Edingeni afikanso, lole yonse. Asebele anga, bambo a mkwati, aizungulira katatu, aona soketi. Avula chipewa, ati, "Ndapota asebele, foni yane yazimwa."
Asebele sakanizidwa. Ndipo foni imodzi ingathe moto wanji?
Kenako ya akazi awo. Ya ankhoswe. Ya azakhali a mkwati, amene ali ndi ziwiri. Wina watulutsa ekisitenshoni m'chikwama, ngati anachita kulota. Pofika masana: mafoni mpando wonse, wailesi, matochi, makina ometera (akuchimuna onse ameta), ndi masipika a operekeza akwati oyeserera masitepe. Aliyense "yewo chomene, yewo chomene". Ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. A Gondwe akundiponda phazi. Ndinene chiyani, ndi alendo!

Loweruka
Tadala wakwera, velo lili mbee. Amayi akululuta. Ndakhala pa chiwongolero, suti, tayi. Ndatembenuza kiyi.
Zii.
Ndatembenuzanso. Zii. Mabatire atheratu. A Gondwe ayang'ana sola yotchajira, ayang'ana kumwamba: mitambo yokhayokha. Abusa atuma kale uthenga kawiri. Tadala wangondiyang'ana, maso atadzaza misozi. Manyazi andigwira, mtima wandiwawa zedi.
Mayi ake akodola ndi dzanja. Kuseri kwa nyumba kwatulukira ng'ombe ziwiri za a Nyirenda, zili kale m'goli, maliboni kunyanga. Maliboni ofanana ndi a operekeza! Ndiye kuti anakonza kalekale mayi ameneyu.
Tamangirira Mphenzi ndi tcheni. Tanyamuka. Hutala ndikuliza ndi pakamwa. Tadala wayamba kuseka, waseka mpaka pakhomo la tchalitchi. Mabuleki sanafunike.

Lamulungu
Mipando ndabweza kusukulu. A Gondwe akuti kupanga galimoto yachiwiri kwaimitsidwa kaye, ali ndi mawindo a anthu oti awotcherere.
Tadala wabwera kudzatsanzika. Wati, "Ababa, munati ndikwera galimoto yanu. Ndinakweratu." Ndayang'ana kumbali, ndati m'maso mwalowa fumbi.
Ndimati mwina nkhaniyi ithera pano pa Champhira. Ayi ndithu. Yafika ku Jenda, ku Mzimba, mpaka kwathu ku Dedza. Aliyense anajambula, kuyambira pa kiyi mpaka pa ng'ombe. Mafoni onse anali odzaza moto.